Masamu Adzadya Nawo Chiyani?

Pali funso limene makolo ambiri amafunsa mwana akabwera ndi lipoti la kusukulu losonyeza kuti walephera masamu. Ena amalifunsa mokweza, ena amangolisunga mumtima, koma funsolo ndi limodzi: kodi masamuwo adzadya nawo chiyani? Chingerezi timachimvetsa, pakuti ndicho munthu amalankhula pofunsira ntchito. Ulimi timaumvetsa, pakuti mathero ake ndi m'nkhokwe. Koma zilembo za x ndi y zimene mwana amalimbana nazo usiku pa kuwala kwa tochi, n'zovuta kuona kumene zikulowera. N'chifukwa chake mwana akati zamukanika timamukhululukira msanga, n'kudzitonthoza kuti m'banja mwathu simunabadwe munthu wa mutu wa masamu.

Ine ndinabadwira kunyanja, m'banja la asodzi, koma ntchito yophunzitsa madrasa inanditengera ku Thyolo, komwe ndakhala zaka zoposa khumi pakati pa minda ya tiyi. Ana amene amabwera kwa ine masana akaweruka ku pulayimale ndi ana a othyola tiyi, a alonda, a oyendetsa mathirakitala ndi a ogwira ntchito m'mafakitale. Ndikulembera inu akwathu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota chifukwa zimene ndaona kuno zandipatsa yankho la funso lija, ndipo yankholo likukhudza ana anu monga momwe likukhudzira ana a kuno.

Wodutsa mumsewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje kudzera pa boma la Thyolo amaona mapiri ovala chobiriwira mbali zonse. M'dera limeneli muli minda ikuluikulu monga Satemwa, imene inayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Nchima ndi Makandi. Mlendo amatama kukongola n'kumapitirira ulendo wake. Wokhala kuno amadziwa kuti moyo wa m'mindamu umayendera manambala. Mayi wothyola tiyi amatenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake, n'kuponya m'dengu la kumsana. Dengulo likadzaza limapita pa sikelo, kalaliki amalemba makilogalamu, ndipo malipiro a mayiyo amatsamira pa zimene zalembedwazo. Ku fakitale pamafunika makilogalamu 4 mpaka 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Pofotetsa masambawo pali munthu amene amayeza kuchuluka kwa madzi amene achokamo. Powaumitsa pali wina amene amayang'anira kutentha ndi mphindi zake, chifukwa kuphonya pang'ono kumatsitsa mtengo wa tiyi yense wa tsikulo. Ku msika wa tiyi wa ku Limbe mitengo imatchulidwa m'ndalama za ku America, ndiye pamafunikanso wina wodziwa kuti kukwera kapena kutsika kwa kwacha kukutanthauza chiyani pa phindu la chaka. Dengu limachoka pamsana pa munthu mmodzi, koma tiyi asanafike m'kapu ya womwa ku London amadutsa m'manja mwa anthu ambiri amene khasu lawo ndi masamu. Ndipo n'zosabisa kuti anthu amenewa ndi amene amalandira bwino ndiponso amamvedwa akalankhula.

Mmodzi mwa ana amene ndinawaphunzitsa anali mtsikana wa mayi wothyola tiyi pa munda wina kuno. Mayiwo sankadziwa kulemba, ndipo mwezi uliwonse ankalandira malipiro ndi mtima wokayika, osadziwa ngati apunjidwa kapena ayi. Mtsikanayo ali Sitandade 7 anagula kakope, n'kuyamba kulemba madzulo aliwonse makilogalamu amene mayi ake amva pa sikelo. Pakutha pa mwezi anaphatikiza, anachulukitsa ndi mtengo wake, anachotsera zofunika kuchotsera, ndipo anapeza kuti kalaliki analemba zoona. Ndalama sinawonjezekepo ngakhale tambala imodzi. Koma mayiwo anandiuza kuti usiku umenewo anagona tulo tabwino, chifukwa kwa nthawi yoyamba m'nyumba mwawo munali munthu wotha kutsimikiza mawu a sikelo. Phindu loyamba la masamu ndi limeneli, ndipo limafika pakhomo mwana asanalandire satifiketi iliyonse.

Mtsikana ameneyu lero akuphunzira pa Malawi University of Science and Technology, imene ambiri amaitchula mwachidule kuti MUST. Yunivesiteyi ili ku Ndata, m'boma lomwe lino la Thyolo, pamalo amene anali munda wa mtsogoleri wakale wa dziko lino, malemu Bingu wa Mutharika. Inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 2012, ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 2014. Kumeneko amaphunzitsa uinjiniya wa mitundu ingapo, za kompyuta, zanyengo, za miyala ya pansi pa nthaka, zojambula mapu ndi zofufuza matenda. Atabwera kutchuthi choyamba, ndinamufunsa chimene chamudabwitsa koposa. Iye anati m'chaka choyamba masamu sathawika, ndipo aphunzitsi ena asanayambe phunziro amayamba afotokoza kaye kumene masamu a tsikulo amakagwira ntchito ndi anthu amene amadya nawo. Anati akanamva zimenezi ali Fomu 1, anzake ambiri amene anataya mtima sakanataya.

Pa zonse zimene anandifotokozera pakhonde la mzikiti tsiku limenelo, imene inandikhala mumtima ndi nkhani ya kapu ya tiyi. Ku England, m'zaka za m'ma 1920, pamalo ofufuzira zaulimi otchedwa Rothamsted, panali katswiri wa masamu dzina lake Ronald Fisher. Mnzake wa pantchito, mayi Muriel Bristol, ananena kuti akalawa tiyi amadziwa ngati m'kapumo munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. Fisher anadzifunsa kuti munthu angasiyanitse bwanji wodziwadi ndi wongoyerekeza. Kapu imodzi siingathandize, pakuti ngakhale wongoyerekeza amalondola kamodzi pa kawiri. Choncho njira yake inali yokonza makapu 8, anayi oyamba mkaka ndi anayi oyamba tiyi, n'kuwasakaniza mwa maere. Njira zosankhira makapu anayi pa makapu 8 zilipo 70, ndipo yolondola ndi imodzi yokha, kotero kuti wongoyerekeza ali ndi mwayi umodzi pa 70. Fisher anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1935, ndipo maganizo amenewa ndiwo maziko a mmene akatswiri amayesera zinthu mpaka lero.

Nkhaniyi ingaoneke ngati macheza a anthu okhuta, koma zipatso zake zili pakhomo pathu. Ku Mimosa m'boma la Mulanje kuli bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene limafufuza mitundu ya tiyi yobereka bwino ndi yopirira ku chilala. Kuti adziwe ngati mtundu watsopano ukuposadi wakale, kapena unangogwera pa nthaka yachonde, amagawa munda m'zigawozigawo, kubzala mwa maere, kuyeza zokolola kwa zaka zingapo, n'kuwerengera mwa njira yomwe ija ya makapu. Chimodzimodzinso ku chipatala. Kuyambira mu 2018, ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mumzinda wa Blantyre analowa m'kafukufuku wa katemera wa taifodi. Theka la anawo linalandira katemerayo, theka lina katemera wa matenda ena, ndipo wolandira uyu kapena uyo ankasankhidwa mwa maere. Akatswiri a ziwerengero ndi amene anayerekeza magulu awiriwo n'kutsimikiza kuti katemerayo amateteza, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Mwana wanu akabayidwa katemera ameneyu pa chipatala cha kwanuko, dziwani kuti kumbuyo kwa namwinoyo kuli munthu amene anakhoza masamu.

Tiyeni tsopano titsike mapiri, tifike kunyanja kwathu. Mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja zamchere, ndipo ambiri a inu munaona madzi akulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo. Madzi a nyanja yathu ali ndi khomo limodzi lotulukira, mtsinje wa Shire, ndipo pa Liwonde pali zitseko za Kamuzu Barrage zimene zinamangidwa mu 1965. Kuzitsekula kwambiri ndiko kuika pachiswe anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje; kuzitseka kwambiri ndiko kusiya madzi m'makomo a ku Mangochi; ndipo pakati pa awiriwa pali makina a magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amene amafuna madzi chaka chonse. Mbiri imatikumbutsa kuti kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kotero kuti Shire anasiya kutulutsa madzi. Wogamula kuti zitseko zitsekulidwe motani ayenera kuwerengera mvula yogwa, madzi obwera ndi mitsinje, madzi ouma ndi dzuwa ndi madzi otuluka. Imeneyo ndi ntchito ya masamu, ndipo ndimadzifunsa kuti mwa anthu amene amakhala pa tebulo logamulira zimenezi, ndi angati anakulira pa gombe n'kumadziwa kuti nyumba yolowa madzi imanunkha bwanji.

Nsomba nazo zili ndi owerengera ake. Palibe amene angawerenge chambo chonse cha m'nyanja chimodzichimodzi. Akatswiri a ku malo ofufuzira za nsomba ku Monkey Bay amagwira zochepa m'malo osiyanasiyana, kuyeza kutalika ndi kulemera kwake, kuona zimene asodzi akubwera nazo pa madoko, ndipo kuchokera pamenepo amayerekeza kuchuluka kwa zimene zatsala m'madzi. Malamulo a kukula kwa maso a ukonde ndi a nyengo yotseka nyanja amatsamira pa ziwerengero zoterezi. Momwemonso chenjezo la namondwe, monga Freddy amene anasakaza Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre mu Malichi 2023, limachokera kwa akatswiri a zanyengo amene amagwiritsa ntchito masamu oyendetsedwa ndi makompyuta. Kalembera wa mu 2018, amene anapeza kuti m'dziko muno muli anthu oposa 17.5 miliyoni, anayendetsedwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, ndipo manambala ake amathandiza boma kudziwa kumene kukufunika sukulu kapena chipatala. M'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi muli akatswiri otchedwa actuary, amene amawerengera ndalama zoyenera kusungidwa lero kuti wopuma pantchito adzalandire penshoni zaka makumi atatu zikubwerazo. Ngakhale ndalama imene mwana wanu wa ku Johannesburg amakutumizirani pa foni imafika bwino chifukwa cha masamu amene amabisa uthenga kwa akuba.

Pomva zonsezi, ine amene ndinaphunzira pa koleji ya Chisilamu ndinazindikira mawu a kwathu. Aliyense amene anaphunzira kagawidwe ka chuma cha masiye anaphunzira masamu, ngakhale sanawatchule dzina limenelo. Tiyerekeze kuti bambo wamwalira n'kusiya mkazi, mayi ake omubereka, mwana wamwamuna mmodzi ndi ana aakazi awiri, ndipo ngongole zonse zitabwezedwa patsala K2,400,000. Mkazi amalandira gawo limodzi pa magawo 8, mayi gawo limodzi pa magawo 6. Kuti magawo awiriwa agwirizane timafuna nambala imene 8 ndi 6 amalowamo onse, ndiyo 24. Mkazi atenga magawo 3, amene ndi K300,000. Mayi atenga magawo 4, amene ndi K400,000. Zotsala, K1,700,000, zigawidwa panayi: mwana wamkazi aliyense K425,000, wamwamuna K850,000. Njira imeneyi ndi yomwe mphunzitsi wa ku pulayimale amalemba pa bolodi pophunzitsa kuphatikiza mafulakishoni. Ndipo nthawi zina magawo amapitirira chuma chimene chilipo. Mayi akamwalira wopanda mwana, n'kusiya mwamuna ndi achemwali ake awiri a bere limodzi, mwamuna ayenera magawo 3 pa 6, achemwali magawo 4 pa 6, zonse pamodzi 7 pa 6. Kuyambira nthawi ya Khalifa Umar, yankho lake ndi kugawa chumacho pa 7, kuti aliyense achepekedwe molingana ndi gawo lake. Amene anapeza yankho limeneli anali kuganiza ngati katswiri wa masamu.

N'zosadabwitsa tsono kuti phunziro la algebra, limene ana athu amaliopa, linatenga dzina lake ku liwu la Chiarabu loti al-jabr, la m'mutu wa buku limene Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. Gawo lalikulu la bukulo likukamba za kugawa chuma cha masiye ndi mawilo. Dzina la mlembiyo ndi limene linabala liwu loti algorithm, limene aliyense wolemba mapulogalamu a kompyuta amalitchula tsiku ndi tsiku. Al-Biruni, amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 200 pambuyo pake, analemba njira zopezera Qibla kuchokera mumzinda uliwonse; ndi masamu a mtundu umenewo amene amatiuza kuti kuchokera kuno kummwera kwa Malawi tiyang'ane kumpoto, kupendekera kummawa ndi madigiri pafupifupi 7. Mwalimu amene amawerengera Zakaat ya magawo awiri ndi theka pa 100 alionse sangauze mwana kuti masamu ndi a anthu ena.

Ndikudziwa chimene ena a inu munganene, ndipo n'choona: alipo achinyamata amene anamaliza yunivesite koma akungokhala pakhomo, pamene mnzawo amene anasiyira Fomu 2 ali ndi chilimila ndi injini yake. Masamu salonjeza munthu ntchito. Komanso sukulu zambiri za sekondale za m'midzi zilibe aphunzitsi okwanira a masamu ndi sayansi, ndipo mwana angalephere popanda ulesi uliwonse. Koma taonani mmene khomo limatsekekera. Kuti mwana asankhidwe kupita ku yunivesite ya boma ayenera kupeza makirediti 6 pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a uinjiniya, kompyuta, zanyengo, zachipatala ndi zachuma amafuna kuti akhale atakhoza bwino masamu. Mwana amene wataya masamu ali ndi zaka 14 wadzitsekera ntchito zonsezi asanadziwe n'komwe kuti zilipo. Wokhoza masamu akafuna kubwerera ku usodzi angabwerere, ndipo adzasunga bwino buku la ndalama za mafuta, za okoka ndi za mwini ukonde. Wolephera akadzafuna kukhala injiniya adzapeza patsekedwa. Azigogo athu anakana kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiyitsidwa chipembedzo, ndipo mantha awo anali ndi chifukwa. Koma mtengo wake tinaulipira kwa mibadwo ingapo, pamene maofesi anadzaza ndi ana a anthu ena. Lero palibe amene amafunsa mwana kuti asinthe dzina asanaphunzire algebra.

Za ndalama nazo zili ndi njira zake, ngakhale sizikwanira onse. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limapereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite, ndipo Islamic Zakaat Fund yakhala ikulipirira ana ambiri sukulu. Womaliza digiri yoyamba bwino angapemphe malo ku African Institute for Mathematical Sciences, imene inayamba mu 2003 ku Cape Town ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Ndipo wina asanene kuti zimenezi ndi za anyamata. Mu 2014, chaka chimene MUST inatsekula zitseko, Maryam Mirzakhani wa ku Iran anakhala mayi woyamba kulandira Fields Medal, mphoto yolemekezeka koposa pa masamu. Pa MUST pomwepa, Pulofesa Address Malata anakhala mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko muno.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Masamu ali ngati khoma la njerwa: mzere wapansi ukapindika, wa pamwamba suwongoka. Ana ambiri amene amagwa ku Fomu 3 anayamba kutsalira pa mafulakishoni a ku pulayimale, popanda wowaona. Choncho pempho langa kwa makolo ndi laling'ono. Mwana akabwera ndi kope la masamu, litsekuleni ngakhale inu simuwadziwa, ndipo mumufunse akufotokozereni zimene walemba, pakuti wofotokozera wina amadzimvetsa yekha. Mupatseni buku la malonda a usipa kapena la mpunga kuti azilemba ndiye. Mnyamata wa Fomu 4 asagone panyanja usiku woti mawa lake ali ndi phunziro la masamu, ndipo mtsikana asakhale yekha wotunga madzi pamene alongo ake akuwerenga. Koposa zonse, tisamanene pamaso pa ana kuti banja lathu lilibe mutu wa masamu, chifukwa mwana amakhulupirira kholo lake kuposa mphunzitsi.

Kwa aphunzitsi anzanga a madrasa ndi makomiti a mizikiti ndili ndi pempho lina. Pafupifupi dera lililonse tsopano lili ndi mnyamata kapena mtsikana amene ali ku MUST, ku MUBAS, ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda, ndipo pa tchuthi amangokhala. Muitaneni Loweruka limodzi, musonkhanitse ana a Sitandade 6 mpaka Fomu 4 pamodzi ndi makolo awo, ndipo mumupatse ola limodzi kuti afotokoze m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene amaphunzira, masamu amene amafunika ndi ntchito imene akuyembekeza. Kuno tayamba kutero ndi mtsikana uja, ndipo pa tchuthi chapitachi panabwera ana ambiri moti ena anakhala pabwalo, kumvetsera kudzera pa zenera. Pamafunika choko, bolodi ndi mkeka basi. Tchuthi chikubwerachi, Allah akalola, yesani kwanuko, ndipo mudzatilembere kudzera m'magazini ino mafunso amene ana anu adzafunse.